Ngongole ya a Dzimbiri

Mwana wanga Zelipa ali ndi zaka khumi ndi zitatu,
ndipo mtima wake anaupereka kale
kwa anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi
osadziwa n'komwe kuti iye alipo.
Amadzitcha a Dzimbiri.
Dzinalo lili pa chikwama cha sukulu, pa rula, kuseri kwa chitseko,
ndi pa dzanja lamanzere
pomwe sopo amagonja Loweruka lililonse.

Ine ndikamva nyimbo zawo
ndimamva owotcherera mageti a m'mbali mwa msewu kuno ku Kalingalinga,
chitsulo kulirira chitsulo chinzake.
Iye amati, "Amayi, dikirani. Apa. Apa pomwe,"
chala m'mwamba, maso otseka,
kudikira kuti gitala afike pomwe amasweka mawu,
ndipo ine, chitsiru, ndimadikira naye
mpunga ukupserera.

Magetsi akapita
amabisala m'bulangete ndi foni ya atate ake
yotsala ndi kamzere kamodzi,
n'kumaimba ng'oma pa mawondo mwakachetechete
mpaka bedi lonse kugwedera.
Mng'ono wake analeka kudandaula. Anaphunzira kugona m'chivomezi.

Miyezi iwiri sanakwere basi.
Anamuulula ndi nsapato:
zidendene zinadyeka mbali imodzi,
fumbi la ku Kabulonga mpaka m'masokosi.
Ndalama zonse zili m'chitini cha mkaka pansi pa mayunifolomu.
Tikiti ndi makwacha zana ndi makumi asanu,
ndipo pa khomo salola ana,
koma zimenezo akuti adzaziwonera komweko.

Ndiye Lachitatu lina ku Kamwala,
ndikukung'untha belo latsopano la salaula,
panaima mnyamata wowonda ngati ndodo ya tsache,
wa chifuwa chosachiritsa, tsitsi ngati mizu ya kachere.
Nkhope ndinaidziwa. Imandiyang'ana m'mawa uliwonse
kuchokera pa khoma la mwana wanga,
koma apo ilibe ziphuphu.
Anayesa jekete yakuda yoduka zipi.
Ananenerera ngati wina aliyense,
nalumbira kuti amayi ake akudwala ku Chipata,
nasanthula matumba onse awiri:
zinaperewera makumi awiri.
"Ndidzabweretsa Lachisanu, amayi."
Lachisanu linabwera lokha.

Ndinasunga nkhaniyo masabata atatu
ngati singano m'chitenje.
Ndinaitulutsa tsiku lomwe anabwera ndi zotsatira za masamu,
ndipo ndivomere, ndinafuna imubaye.
"Mulungu wako uja ali ndi ngongole yanga.
Amatsokomola. Amanunkha thukuta la m'basi."

Sanalire.
Anafunsa kuti anagwira hang'ala iti.
Anafunsa ngati zala zake n'zazitali monga m'chithunzi,
ngati chifuwacho chinali chouma kapena cha makhololo,
ngati ndinamuuza za ndimu ndi uchi.
Kenaka analowa m'chipinda.
Ndinamva chitini chikutseguka.

Anaziika pa tebulo, khobidi ndi khobidi,
makwacha makumi awiri,
masiku angati a dzuwa la Okutobala pa mutu, sindinawerenge.
"A Dzimbiri alibe ngongole," anatero,
mawu ake akunjenjemera ngati waya womangitsa,
"fufutani m'buku."

Ndinafufuta iye akuwona.

Usiku ndinayenda ndi zala za kumapazi
kukabweza ndalamazo m'chitini,
ndikuziika imodziimodzi kuti zisalire,
ndipo ndinapezamo kapepala kopinda kanayi:
mayina asanu a anthu aja,
ndi lachisanu ndi chimodzi pansi pake, la pensulo,
lofufutidwa, lolembedwanso,
"Zelipa Mwanza, ng'oma."

Hang'ala ija ndinabwera nayo kunyumba.
Ndi ya waya, yopindika, sikwana ngakhale kwacha imodzi.
Waipachika pa msomali pamwamba pa bedi, yopanda chovala.
Dzulo mlamu wanga anafuna kuyanikapo thawulo,
ndipo amene anakuwa kuti "Musakhudze!"
ndinali ine.